Katoni, chikwere, keji ya mbalame kapena yowotcheretsa: kagologolo kakamakula tikasunge muti?

Kagologolo kathu kanabwera m'chipewa. Alamu anga amamanga nyumba ku Chalala uko mu Lusaka, komwe mitengo ikugwa tsiku ndi tsiku anthu akufuna malo a maziko, ndiye tsiku lina atagwetsa mtengo wa mphako anapeza tiwiri pansi, kena katafa kale kena kakupuma movutikira maso asanatseguke nkomwe. Anakaika m'kabokosi patsinde mpaka dzuwa kulowa kuti mwina make abwera kudzakatenga, zimenezi anachita bwino chifukwa agologolo amabweradi kudzanyamula ana awo ngati anthu atalikira, koma ndi phokoso la makina ndi anyamata a konkire make sanaoneke. Usiku kanafika kwathu ku Chilenje. M'mawa mwake ba neba athu a Chibemba anasuzumira pampanda nkuyamba, ati inu akum'mawa manje mwayamba kuweta ndiwo, mbewa zatha ku Katete? Ndinangowauza kuti iwo ayambe aweta anyani awo kaye tione.

M'miyezi yosakwana itatu kanyama aka kanasamuka nyumba kangapo, ndipo ndalama ina ndinaitaya chabe chifukwa ndinkaganiza kuti ndigula keji imodzi yokongola basi nkhani yatha. Sizitheka. Kagologolo ka maso otseka ndi ka miyezi iwiri ndi nyama ziwiri zosiyana, koyamba kamafuna kutentha ndi mdima, kachiwiri kamafuna kukwera, kudumpha ndi kutafuna chilichonse chili pafupi, ndiye nyumba yabwino kwa koyamba ndi ndende kwa kachiwiri ndipo nyumba yabwino kwa kachiwiri ikhoza kupha koyamba ndi mphepo.

China chomwe chinandisokoneza ndi malangizo a pa intaneti. Ambiri amalembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Britain ndipo amanena za gologolo wawo wotuwa uja, wamkulu, wofika hafu kilo, yemwe ana ake amatsegula maso patapita masabata anayi kapena asanu. Wathu amene timamuona m'mitengo ya kuno, amene a sayansi amamutchula Paraxerus cepapi, amalemera pafupifupi magalamu 200 atakula, kutalika kwake ndi masentimita ngati 35 ndipo theka lake ndi mchira. Ana ake amakula changu, maso amatseguka pakangotha sabata imodzi ndi masiku pang'ono, pofika masabata atatu amayamba kale kusuzumira kunja kwa mphako. Ndiye mukamawerenga masabata motsatira azungu aja mudzachedwa kukasamutsa, komanso mipata ya keji yomwe iwo amati ili bwino, kathu kamangodutsamo ngati madzi. Yang'anani zochita zake, osati kalendala.

Tiyambe ndi katoni, poti aliyense amayambira pomwepo. Usiku woyamba ndi wachiwiri katoni ilibe vuto, ndi yaulere, imasunga kutentha, muli mdima. Koma imanyowa ndi mkodzo, siichapika, nyerere zimaikonda mukangodontheza mkaka, ndipo kanyama kakangomera mano kamaboola pakona mukugona. Yanga inatha masiku anayi.

Chomwe chinagwira ntchito pa nthawi ya ukhanda ndi chikontena cha pulasitiki chokhala ndi chivundikiro, zija amagulitsa ku Kamwala zosungiramo zovala. Ndinadula pakati pa chivundikirocho bowo lalikulu ngati buku nkumangirirapo waya wa timabowo ting'ono kuti mpweya uzilowa, osangoboola timabowo ndi msomali ayi, sitikwanira, mkati mumachita thukuta ndipo fungo la mkodzo limakapweteka pachifuwa. Ubwino wake makoma ndi oterera kotero sikangakwere nkugwa, mphepo silowa m'mbali, ndipo mumatsuka ndi madzi otentha mphindi ziwiri zatha. Pansi ndinayala kabulangete kofewa ka pa salaula ndi masikipa akale. Thaulo musaike, ulusi wake wopindika uja umakola zikhadabo ndipo kakamalimbana kuti kachoke kakhoza kuthyoka chala. Thonje nalonso ayi, limazengereza miyendo.

Nkhani yaikulu pa msinkhu uwu si keji kwenikweni koma kutentha. Kakhanda sikatha kudzitenthetsa kokha, ndipo Lusaka ili pamtunda, mamita oposa 1,200, mu June ndi July usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, inu nomwe mumagona ndi sokosi nanji kanthu kolemera ngati bokosi la machesi. Azungu aja amati ikani kachipangizo ka magetsi kotenthetsa pansi pa bokosi, chabwino, koma ndi mmene magetsi amathimira kuno makamaka kuyambira chilala cha 2024 chija madzi atachepa ku damu la Kariba, simungaike moyo wa kanyama pa soketi. Ine ndinkagwiritsa botolo la madzi otentha lokulunga m'chitenje kawiri, nthawi zina sokosi yodzaza mpunga wotenthetsa, nkumasintha pakapita maola awiri kapena atatu, usiku womwe, inde alamu yolira 2 koloko ngati muli ndi khanda la munthu. Botololo muziika mbali imodzi yokha ya chikontena kuti kakatenthedwa kazikwawira mbali inayo. Ndipo chonde musayandikize chikontena ku mbaula m'nyumba yotseka mawindo, mpweya wa makala uja umapha anthu akuluakulu chaka chilichonse nyengo yozizira, kagologolo sikangathe ngakhale ola.

Apa ndipatuke pang'ono poti funso limabwera nthawi zonse. Mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba ndipo tambiri timafa nazo zimenezi, funsani dokotala wa ziweto za mkaka wa ufa wa tiana ta agalu, muzikamwetsa ndi sirinji yaing'ono yopanda singano pang'onopang'ono kali chafufumimba, ndipo kakhale kotentha kaye musanakapatse chilichonse. Ngati kanagwidwapo ndi pusi olo pasaoneke bala, pitani nako kwa dokotala tsiku lomwelo, malovu a mphaka ali ndi tizilombo topha tinyama ting'onoting'ono m'masiku ochepa. Ku yunivesite ya UNZA pa Great East Road kuli sukulu ya madokotala a ziweto, komanso makiliniki a ziweto alipo angapo mutauni.

Akwariyamu yakale ya galasi yowetera nsomba, ena amaiganizira poti imaoneka bwino ndipo ana amaonera. Imachita zomwe chikontena chimachita koma ndi yolemera, imasweka, ndipo dzuwa likangoiwomba pawindo imasanduka uvuni. Ngati ilipo kale panyumba gwiritsani sabata imodzi ndi chivundikiro cha waya, koma kukagula ayi.

Tsiku lomwe mudzakapeze kakulendewera kuwaya wa chivundikiro chagada, dziwani kuti chikontena chatha ntchito. Apa ndi pomwe anthu timasiyana maganizo ndipo ndi pomwe ndinataya ndalama.

Amayi anga atabwera kudzacheza kuchokera kumudzi anaseka kuti mukuvutikiranji ana inu, si chikwere chomwechi. Chikwere cha nsungwi chonyamulira nkhuku chija nchotchipa, mpweya umapita bwino, ndipo kunena zoona kanakondwa nacho poti kanali ndi pogwira paliponse. Kanakhalamo masana awiri. Tsiku lachitatu ndinapeza nsungwi ziwiri zadulidwa bwinobwino ngati ndi mpeni, mwini wake ali pamwamba pa katani akundiyang'ana. Mano akutsogolo a gologolo amakula moyo wake wonse ngati a khoswe, ndiye kutafuna si mwano, akapanda kutero manowo amatalika mpaka kulephera kudya. Chilichonse cha nsungwi, bango, mlaza kapena pulasitiki yofewa kwa iye ndi mswachi chabe. Komanso chikwere chomwe munakhalapo nkhuku chimabwera ndi utitiri ndi nsabwe zake. Amayi anangoti aa, nanga si ka mutauni.

Kenako ndinagula keji ya kalulu, ndipo iyi ndiye ndimadandaula nayo mpaka lero. Inali yaikulu ndithu, yotakata, koma yaifupi msinkhu chifukwa kalulu ndi nyama ya pansi. Gologolo malo ake amawerengera chokwera, mukampatsa bwalo lalikulu lopanda pokwera amangozungulira m'mbali ngati wazunguzika. Mipata ya mawaya inali masentimita awiri ndi theka, mutu unkalowa, ndipo pomwe mutu wa gologolo walowa thupi limatsatira, kapena choipa kwambiri mutu ulowe thupi likane, kakodwe pakhosi inu muli kutauni. Pansi pakenso panali waya woti ndowe zizigwera, timiyendo tinkagweramo. Ndinaigulitsa motchipa kwa mnyamata wina woweta mbira. Keji za hamster, tinyama toweta tonga mbewa, nazonso musataye nazo nthawi, nzazing'ono zedi, timachubu ta pulasitiki tija kamatafuna, ndipo kagudumu kothamangiramo kaja kamapana mchira, pomwe khungu la mchira wa gologolo limasupuka msanga ndipo silimeranso. Pa chifukwa chomwechi musamakagwire kumchira, ana auzeni.

Kabokosi konyamulira pusi ndi kabwino popita kwa dokotala basi.

Pa zogula zopangidwa kale, keji ya mbalame ndi yomwe ndingavomereze, koma osati iliyonse. Ya timbalame ting'ono monga mabaji ili ndi mipata ya sentimita imodzi kapena kuposa pang'ono, imeneyo ndiye yoyenera, pomwe ya zinkhwe zikuluzikulu ndi yolimba koma mipata yake njotakata. Sankhani yaitali chokwera, yokhala ndi mawaya ena opingasa kuti kazipeza popondera. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba ndi thireyi ya pulasitiki ya pansi, kamayamba kuitafuna m'makona. Lachiwiri ndi timakomo tokankhira m'mwamba tija toikira chakudya, gologolo ndi wochenjera kuposa mbalame, kathu kanaphunzira kukweza kakhomo ndi mphuno m'masiku atatu, ndiye timakomo tonse mangani ndi waya kusiya limodzi ndipo limenelo likhale ndi kaloko. Pa msinkhu uwu kamakhala kakadagwa nthawi zina, choncho pansi yalani nsalu yokhuthala ndipo nthambi zoyamba ziikeni m'munsi, muzizikweza kakamalimba. Keji ya mbalame ikuthandizani masabata atatu mwina anayi. Ngati mungabwereke kwa munthu yemwe mbalame zake zinafa kapena kuthawa, bwerekani, itsukeni bwino ndi madzi otentha ndi sopo muyanike padzuwa, kugula yatsopano chifukwa cha mwezi umodzi ndi kuwononga makwacha omwe mudzawafune kutsogoloku.

Ndalama yanu isungireni keji yopangitsa. Ku Kalingalinga ndi ku Garden amisiri owotcherera ali mbwee m'mbali mwa msewu, mageti, mawindo, mbaula, zonse amapanga, ndipo matabwa ku Buseko simungawasowe. Koma mmisiri mukangomuuza kuti ndikufuna keji, akupangirani khola la nkhuku, chifukwa ndi lomwe amalidziwa, ndiye pitani ndi pepala lojambula ndi miyeso ndipo waya mukagule nokha ku hadiweya. Mmisiri woyamba yemwe ndinamupatsa ntchito anandiuza kuti bwana musadandaule ndikudziwa, nkukaika waya wa nkhuku wa mabowo a makona sikisi uja, zitseko zopanda chotchinga, mpata pansi pa chitseko wolowa zala zitatu. Ndinalipira kawiri. Safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndinali ine amene sindinafunse kuti agula waya wanji.

Waya wa nkhuku ndi wopyapyala, gologolo wolimbikira amaudula kapena kuupinda, nsonga zake zimacheka mkamwa, ndipo khoswe ndi njoka yaing'ono zimalowa. Wofunika ndi meshi yowotcherera ya timabowo ta sikweya ta mamilimita 12 kapena 13, ena amati hafu inchi. Ndi yodula kuposa wa nkhuku koma ndi pomwe pagona keji yonse. Ikakhala yatsopano yonyezimira, ikwecheni ndi burashi ndi viniga nkutsuka, kuchotsa timadontho ta zinki totsalira, popeza kanyama kazinyambita ndi kuluma wayayo tsiku lonse.

Felemu ya chitsulo kapena ya matabwa? Ndayesa zonse. Ya matabwa ndi yotchipa, yopepuka, sitentha padzuwa, kalipentala aliyense akhoza, koma meshi iyenera kukhomedwa mkati mwa felemu osati kunja, apo ayi mwakapatsa matabwa oti kadye mpaka kutuluka. Ndipo matabwa akhale osathira mankhwala, mapolo obiriwira aja kapena akuda onunkha phula omwe amaviika kuti chiswe chisadye ndi poizoni kwa nyama yotafuna, chimodzimodzi thabwa lopaka oilo wakufa wa galimoto monga timachitira ndi makola. Ndiye poti simuthira mankhwala, chiswe chidzabwera, miyendo ikhazikeni pa njerwa. Ya chitsulo ndi yodula ndi yolemera, kuinyamula pamafunika kaveni, imachita dzimbiri nthawi ya mvula ngati simunapake penti, ndipo pentiyo aume masiku angapo fungo lithe kanyama kasanalowe. Koma satafuna, chiswe sichiikhudza, galu sangaigwetse, ndipo mukamaliza nayo imagulitsika kwa oweta nkhunda kapena zinziri. Ngati muli pa lendi ndipo ba landilodi ndi ovuta, pangitsani ya mapanelo omanga ndi mabauti kuti muzitha kumasula. Ine ndikanayambiranso ndikanapita ku chitsulo molunjika.

Miyeso, ya m'nyumba kapena pakhonde ikhale masentimita 60 mbali zonse ndi mita imodzi chokwera, kuposa apo ndi bwinonso. Ya panja yomaliza ikhale yoti munthu nkulowamo choimirira, mamita awiri chokwera, mulifupi mita ndi theka kapena kuposa, chifukwa muno ndi momwe kamaphunzirira kudumpha kuchoka nthambi ina kupita ina ndi kulimbitsa miyendo. Wina akhoza kufunsa kuti bwanji osangopangitsa yaikuluyo nkudumpha yapakati. Zimatheka, ndipo ngati thumba ndi lopyapyala chitani chomwecho, chikontena kenako keji ya mbalame yobwereka kenako yaikulu, koma musakaponye m'chikeji cha mamita awiri kakadayamwa, kadzagwa kuchokera pamwamba ndipo usiku kadzazizidwa.

Pa keji ya panja pali tinthu tomwe sitioneka pa pepala. Chitseko chikhale pawiri, kakhonde kakang'ono koti mulowe mutseke kumbuyo musanatsegule chamkati, popanda zimenezi tsiku lina kadzakudutsani paphewa. Pansi pakhale meshi kapena simenti poti makoswe amakumba. Denga lifoleredwe theka lokha, mbali ina dzuwa ndi mvula zizilowa kuti kazolowere, ndipo dzuwalo limathandiza mafupa. Malata okhaokha pa keji yoima pamtetete mu October, kutentha kukupitirira madigiri 30, ndi kukaphika kamoyo, ndiye ikani pansi pa mtengo ndipo pamwamba pa lata yalani udzu kapena mphasa yakale. Miyendo ya keji ena amaiika m'zitini za madzi chifukwa cha linthumbu nthawi ya mvula, ndinatengera ndipo zinathandiza. Apusi a m'komboni adzabwera ndithu kudzakhala pamwamba usiku, meshi ya hafu inchi salowetsa dzanja, koma mantha okha amakadwalitsa ngati kalibe pobisala.

Pobisalapo ndi kabokosi kogona, ndipo aka nkofunika kuposa kukongola kwa keji yonse. Kuthengo agologolo awa amagona m'mphako zoyalamo masamba, ndiye kabokosi ka thabwa ka masentimita ngati 20 mbali zonse, kabowo kolowera ka masentimita 5 kapena 6 chakumtunda, mukakhome pakona ya pamwamba. Kabokosi komweka muzisamuka nako kuchoka keji ina kupita ina osakachapa kwambiri, fungo lake ndi lomwe limakauza kuti kali kwawo. Kathu tsiku lililonse losamuka kankalowa m'bokosi nkukhala chete mpaka madzulo, kenako mutu nkutulukira. Nthambi ikani zenizeni zokhala ndi makungwa, za gwafa ndi malubeni zinatikomera ife poti zili payadi, muzisintha zikasendeka, koma za maluwa a mpanda zotuluka mkaka ndi zopoperedwa mankhwala ayi. Madzi m'kambale kolemera kosagubuduzika. Ndipo keji olo ikhale ya mtengo wapatali bwanji, mukamakadyetsa nshawa ndi mpendadzuwa zokhazokha mafupa amafewa chifukwa chosowa kashiamu, kamayamba kukoka miyendo yakumbuyo nkumagwa panthambi, anthu nkumati keji ndi yaitali kwambiri pomwe vuto lili m'mbale. Masamba, zipatso, mbewu za kuthengo ndi tizilombo pang'ono, nshawa ikhale ya apo ndi apo.

Njira ina yomwe ana anga ankaikonda ndi yopanda keji nkomwe, kazingoyenda m'nyumba. Tinayesa Loweruka limodzi. Chaja cha foni chinaduka, waya wa TV unasendedwa mpaka mkuwa kuoneka, mwayi magetsi anali atapita, ndipo kanakodza pa sofa ya amake ana. Kupatula zowonongekazo, kagologolo kozolowera anthu, agalu ndi apusi a panyumba sikadziwa kuthawa, ndiye tsiku lomwe kadzatuluke kadzathamangira kwa galu wa eni kapena kwa mwana wa legeni. Komanso kakakula kamaluma, kuluma kwenikweni kotulutsa magazi, ngakhale inu amene munkadzuka 2 koloko.

Pali ndi lamulo, lomwe ambiri sitiliganizira poti ndi kanyama kakang'ono. Zambia Wildlife Act ya 2015 imaika nyama zonse zakuthengo m'manja mwa boma, kusunga nyama yakuthengo panyumba kumafuna chilolezo, ndipo oyang'anira ndi a Department of National Parks and Wildlife, omwe akale timawatchulabe ZAWA, likulu lawo lili ku Chilanga pa msewu wa ku Kafue, dera lomwenso kuli malo osungira nyama a Munda Wanga. Aimbireni kapena pitani mukafotokoze kuti mwatola kakhanda ndipo cholinga ndi kukabweza kuthengo, akuuzani chochita. Nchifukwa chake keji iliyonse ndimaiyeza ndi funso loti ikukayandikiza kumtengo kapena ku sitingirumu.

Keji yathu yomaliza sitinaiike ku Chilenje, kuno apusi ndi malegeni achuluka ndipo mitengo yatsala ya mango yokha. Tinainyamula pa kaveni kupita ku famu ya asuweni anga cha ku Chongwe komwe kukadali mitengo yachilengedwe ndipo agologolo ena amamveka akulira m'mawa. Kanakhala m'kejimo masabata atatu, wopereka chakudya munthu mmodzi osakagwira, kenako tinatsegula kakhomo kakang'ono pamwamba, ka masentimita 7, koti iko kokha ndi komwe kangadutse pusi ayi, nkugoneka nthambi kuchoka pakakhomopo kukafika pamtengo. Tsiku loyamba sikanatuluke. Lachiwiri kanatuluka nkubwerera kudzagona. Asuweni anapitiriza kuika chakudya ndi madzi, ndipo pa sabata yachitatu anandiimbira kuti bokosi lagona lopanda mwini masiku anayi koma magwafa omwe amaika padenga akumapezeka olumidwa. Kejiyo pano muli zinziri zawo, ndipo ndalama ya meshi sanandibwezerebe.